Diso Lodulira Mpanda

Mpanda wa nyumba imene ndimagwirako ntchito ku Menlo Park, kuno ku Joni, ndi wa timitengo tobiriwira, tothinana, ndipo umandifika pachifuwa. Kuchokera pageti kukafika pakona ndimaponda mapazi makumi anayi. Anzanga ena a m'magadeni akafuna kudula mpanda wotere amayamba akhoma zikhomo n'kukoka chingwe choti chiziwalondolera. Ine chingwe sindinachigwirepo. Ndimaima pakona, n'kutsinzina diso lakumanja, n'kuyeza ndi lakumanzere, basi sizasi n'kuyamba kulira. Ndikamaliza mukhoza kuika kapu ya tiyi pamwamba pake osatayika. Ndikudziwa kuti uku n'kudzitama, koma munthu amene thupi lake linamumana zambiri musamuletse kudzitama ndi chimodzi chimene chinamutsalira.

Diso limeneli ndinachoka nalo kwathu ku Thyolo. Bambo anga ankagwira ntchito m'minda ya tiyi, ndipo amene anauonapo munda wa tiyi akudziwa kuti pamwamba pake pamayenera kusalala ngati tebulo. Ntchito imeneyo ine sindikanaitha, chifukwa ndinabadwa ndi sikoselo, nthenda ya magazi ija imene imaphwanya mafupa ukazizidwa kapena ukatopa kwambiri. Masiku amene ndinali bwino ndinkawatsatira bambo n'kukakhala pamthunzi, kumangoonerera mmene ankasalazira. Mphamvu ndinalibe, ndiye ndinaphunzira ndi maso. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Nditabwera ku Joni kuno ndinalembedwa ntchito ndi mayi wachizungu wachikulire, wamasiye, wolankhula Chiafrikansi, amene ndimangowaitana kuti madamu. Tsiku loyamba anandiuza okha chimene ananditengera. Mnzawo wa kutchalitchi anawatsina khutu kuti Amalawi saba, sajomba, ndiponso sadwala. Ziwiri zoyambazo ndinavomera ndi mtima wonse. Chachitatucho ndinangogwedeza mutu, maso ali pansi. Mbiri imeneyi ndi imene imatidyetsa ambiri a ife kuno, ndipo aliyense amainyamula mosamala ngati mazira a eni ake. Sindinafune kukhala ine woiswa.

Ndinabisa nthendayi zaka zisanu ndi ziwiri. Mafupa akandigwira nyengo yozizira, ndinkatumiza uthenga woti ndadwala chimfine, n'kupempha achimwene ena a kutchalitchi kwathu kuti akandigwirizire ntchito masiku awiri kapena atatu, ine ndili chigonere m'chipinda chathu cha lendi ku Nellmapius, botolo la madzi otentha lili pamsana. Mwayi wanga unali woti Lachinayi ndi tsiku langa lopuma, ndipo kiliniki ya magazi ku chipatala chachikulu cha m'tauni imakhalanso Lachinayi. Ndinkapita, kupimidwa, kulandira mapiritsi, Lachisanu n'kufika kuntchito ndikuimba mluzu ngati munthu amene dzulo anangokhala pakhomo.

Ku kiliniki kumeneko kuli sisita wina, namwino wamkulu wa mtundu wa Apedi, wamtali, wosaseka msanga, amene amandiitana kuti Ntate Malawi, ndiye kuti bambo a ku Malawi m'chinenero chawo. Tsiku lina anandilembera kalata yoti ndikapimitse maso. Anati aliyense wa sikoselo ayenera kupimidwa maso kamodzi pachaka, ngakhale akuona bwino. Ndinalandira kalatayo ndi manja awiri, ndinathokoza, koma mumtima ndinaseka. Maso anga ndi achikasu chibadwire. Kusukulu anzanga ankandinena kuti ndili ndi maso a mphaka, n'chifukwa chake mpaka lero kapusi ndimaivala motsitsa. Ndiye nditamva zopimitsa maso ndinati ndadziwa, akufuna kukaona chikasu chimenechi, chinthu chimene ndimachiona ndekha pagalasi m'mawa uliwonse. Pamwamba pa izo, kiliniki ya maso imakhala Lachiwiri lokha, tsiku la ntchito. Kalata ija ndinaipinda n'kuisunga m'pulasitiki momwe mumakhala pasipoti ndi mapepala ena. Inagona mmenemo nyengo zozizira ziwiri.

Sisita sanaiwale. Ulendo uliwonse ankafunsa, ine ulendo uliwonse n'kuzemba. Chimene ndinalakwitsa n'chakuti Lachinayi lina, nditangodzuka pa ululu wa mlungu wathunthu, ndinalola akazi anga kundiperekeza. Akazi anga amachapa ndi kusita m'nyumba ziwiri za ku Menlo Park komweko, ndipo ndi munthu amene sakuwa, koma saphonya mawu.

"Ntate Malawi, kumaso munapita?" anafunsa sisita, osakweza n'komwe mutu pafayilo.

"Sisita, maso ali shapu. Ndimaona nyerere ili tsidya lina la msewu."

"Sindinafunse za nyerere."

"Chikasuchi ndinabadwa nacho, sisita. Sichipweteka."

Apo ndiye anaika cholembera pansi. Anati chikasucho alibe nacho ntchito, chimachokera m'magazi ndipo akuchidziwa. Chimene akunena iwo chili kumbuyo kwa diso, kumene galasi la pakhoma silingandionetse. Magazi omwewo amene amatsekeka m'mafupa mpaka ndimakukuta mano, amatsekekanso m'timitsempha ting'onoting'ono ta kumbuyoko. Kusiyana kwake n'kwakuti m'diso simupweteka. Zimayambira m'mphepete, munthu akuona bwinobwino, akuwerenga, akuseka, mpaka tsiku limene amadzuka diso lili mdima. Ananena zimenezi akuyang'ana akazi anga, osati ine. Kenako anatenga foni, anaimba okha ku maso, n'kulemba tsiku pakhadi langa ndi inki yofiira.

Titafika kunyumba, akazi anga anatseka chitseko, anavula nsapato, n'kufunsa modekha kwambiri.

"Abambo, kalata ija ili kuti?"

Ndinaitulutsa m'pulasitiki muja. Inali itachita makwinya, inki itayamba kufufuma. Anayang'ana tsiku limene inalembedwa.

"Zaka ziwiri. Eish. Ndiye mumadikira kuti iswe ana mmenemu?"

Anati andiperekeza, koma Lachiwiri nawonso amagwira ntchito, ndipo ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati si ine mwana woti azindigwira dzanja kukaonetsa maso amene alibe vuto. Pakapepala kamene sisita anandipatsa panalembedwa kuti ubwere ndi wokuperekeza, utenge magalasi akuda, ndipo usayendetse galimoto. Galimoto ndilibe, ndiye ndinaona kuti zinazo nazonso akulembera anthu ena.

Kwa madamu ndinanama kuti ndikufuna m'mawa wa Lachiwiri kuti ndikakonzetse mapepala. Bodza limeneli mlendo aliyense kuno amalidziwa, ndipo mabwana salifunsa kawiri. Anavomera, koma anandikumbutsa kuti Lachitatu kukubwera amayi a kutchalitchi kwawo kudzamwa tiyi pakhonde, choncho mpanda uyenera kukhala utadulidwa. Ndinalonjeza kuti wani koloko idzandipeza ndili ndi sizasi m'manja.

Lachiwiri lija ndinafika ku maso m'mamawa, n'kupeza mabenchi adzaza kale, ambiri agogo a matenda a shuga. Nthawi yanga itakwana, namwino ananditsekera diso limodzi n'kundiuza kuti ndiwerenge zilembo za pakhoma. Ndinatsika nazo mpaka mzere wapansi penipeni, kumanja ndi kumanzere komwe, osaphonya ngakhale chimodzi. Ndinawerenga mokweza dala kuti agogo a pabenchi amve. Ndinatenga kapusi yanga n'kufunsa ngati ndingapite. Namwinoyo anaseka, anati sitinayambe n'komwe. Anandikhazika pansi, anandipendeketsa mutu, n'kundidonthezera mankhwala m'maso onse awiri. Analuma ngati sopo.

Patatha theka la ola ndinatulutsa foni kuti ndione nthawi, koma manambala anali atasungunuka. Ndinayang'ana chikhatho changa, mizere yake osaoneka. Agogo ena aakazi amene anakhala pafupi nane anandigwira bondo n'kundiuza m'Chizulu kuti ndisaope, mankhwalawo amatsegula kamwana ka diso kuti dokotala aone mkati, pofika madzulo zonse zimabwerera. Ndinachita manyazi, poti ndi omwe aja ndinkawawerengera zilembo mokweza.

Dokotala anali bambo wa ku Congo, wa mawu otsika. Atawerenga fayilo anati kwawo nthendayi ndi yodziwika ngati malungo, ndipo msuweni wake weniweni ali nayo. Zinandimasula, chifukwa kuno nthawi zina umayamba wafotokoza kaye dzina la nthenda yako usanathandizidwe. Anandiika chibwano pakachitsulo, anayatsa nyali yowala koopsa, n'kuyamba kundilamula. Yang'anani kumwamba. Pansi. Kumanja. Diso lakumanja sanachedwe nalo. Atafika lakumanzere anasiya kucheza. Anati ndiyang'ane kumanzere kwenikweni, ngati ndikufuna kuona khutu langa. Anabwerezanso. Anatenga kagalasi kena, n'kubwerezanso kachitatu. Misozi inkangotsika chifukwa cha kuwala. Kenako anandituma kukajambulitsa kumbuyo kwa diso pamakina ena.

Zithunzi zitabwera anandionetsa pakompyuta, koma ine ndinkangoona mpira wofiirira wosamveka bwino. Ndiye anafotokoza ndi pakamwa. Anati m'mphepete mwa diso lakumanzere timitsempha tina tinatsekeka kalekale, ndipo diso, pofuna kudzithandiza, layamba kumeretsa tina tatsopano pamalo olakwika. Ndinamva msanga, chifukwa kapinga amachita zomwezo: ukamutsekera njira ndi njerwa amakwawa pansi, n'kukatulukira pakati pa maluwa iwe usakudziwa.

"Tatsopanoti n'tosalimba," anatero. "Tsiku lina tikhoza kuphulika, magazi n'kudzaza m'diso, kapena kukoka kansalu ka kumbuyoko mpaka kamatuke. Zikafika pamenepo nthawi zina timapulumutsa, nthawi zina ayi. Inu mwabwera zisanachitike."

Anati pakatha milungu iwiri ndibwere Lachiwiri, adzaotche malowo ndi kuwala kwa makina amene amati leyiza, kuti timitsempha tija tifote. Pambuyo pake padzafunika ma Lachiwiri ena angapo oti azidzaona mmene zikuyendera. Lakumanja anati lilinso ndi zizindikiro pang'ono, koma la kungoliyang'anira. Pomaliza anandiuza kuti lero ndipite kunyumba molunjika, ndikakhale pamthunzi, ntchito ayi.

Ndisaname, ndinachita mantha kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Ululu wa mafupa ndinauzolowera. Umabwera, umandigwetsa, koma umapita. Khungu silipita. Ndipo diso limene ankanenalo ndi lomwe lija ndimayezera mpanda, chiwalo chimodzi chimene ndinkakhulupirira kuti nthendayi inachiiwala.

Munthu wanzeru akanakwera takisi ya ku Nellmapius. Ine ndinaima pakhomo la chipatala n'kuyamba kuwerenga ma Lachiwiri amene akubwera. Bodza la mapepala ndaligwiritsa kale ntchito, silingagwirenso kanayi. Ndiye ndinaganiza kuti lero ndiyenera kuonetsa kukhulupirika, kuti ndikadzapempha tsiku lina madamu asadzakayike. Ndinkafuna kusunga diso ndi chinsinsi nthawi imodzi, kuiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Unali mwezi wa Okutobala, masana, kumwamba kulibe mtambo ngakhale umodzi. Nditangotuluka pamthunzi dzuwa linandimenya m'maso ngati wandithira madzi otentha. Msewu unali woyera, magalimoto akuthwanima, anthu ngati zithunzithunzi. Ndinatsitsa kapusi mpaka pamphuno, n'kumayenda ndikuyang'ana nsapato zanga. Parenki ya takisi sindinathe kuwerenga zikwangwani, mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anandigwira mkono wa malaya n'kukandiimika pamzere wa takisi zopita kum'mawa. Ngakhale zimenezo sizinandiphunzitse kanthu. Wani koloko itangopitirira pang'ono ndinali pakona pa mpanda, sizasi ili m'manja.

Ndinatsinzina lakumanja monga mwa masiku onse. Tsamba lililonse linkanyezimira palokha, ndipo mzere umene ndimauona nthawi zonse kunalibe. Ndinati manja akudziwa okha, n'kuyamba. Nditadula mapazi khumi ndinabwerera m'mbuyo, n'kuphimba maso ndi dzanja, n'kuona kuti pakati palowa. Ndinati ndingotsitsa mbali zonse kuti zilingane. Nditatsitsa, panalowanso pena. Amene anametedwapo ndi munthu wophunzira kumeta akudziwa mmene nkhani imeneyi imathera. Ndinatsika, kutsikabe, misozi ili chuchuchu, mpaka sizasi inayamba kuluma timitengo touma ta mkati. Pakati pa mpanda panatsala chigwa chofiirira chotalika ngati bedi.

Madamu anatuluka ndi kapu ya tiyi ndi buledi monga amachitira masana aliwonse. Ndinawamva akuima. Kapu anaiika pamwala wa pageti pang'onopang'ono.

"Chachitika n'chiyani pamenepa?"

"Pepani, madamu. Ndikonza."

"Ukonza ndi chiyani, guluu? Vula kapusi. Ndiyang'ane."

Kwathu munthu suyang'ana wamkulu m'maso, ndipo ine ndi chikasu changa ndinali ndi chifukwa chachiwiri. Pa zaka zonsezo ndikhulupirira aka kanali koyamba kuti madamu aone maso anga bwinobwino. Anaona achikasu, ofiira, odzaza misozi, timwana take titatseguka ngati mabatani a jekete.

"Wasuta chiyani? Kapena wamwa? Ndiye mapepala ake amenewa?"

Mawu amenewo anandiwawa kuposa dzuwa lija. Ine woimba kwaya, amene mowa sindinaulawepo, amene ngakhale ndikanaufuna magazi anga sakanandilola. Ndinapsa mtima, ndipo mkwiyowo ndi umene unandimasula pakamwa. Ndinaona kuti kuli bwino andichotse ntchito monga wodwala kusiyana n'kuti anditche chidakwa. Ndinatulutsa khadi la chipatala ndi kalata ya dokotala m'thumba, n'kuwapatsa. Ndinanena zonse: za sikoselo, za zimfine zabodza zija, za Lachinayi, za diso lakumanzere, ndi za ma Lachiwiri amene ndikufuna.

Anavala magalasi awo n'kuwerenga nthawi yaitali. Atamaliza ananena kuti malemu amuna awo anali ndi shuga, ndipo mankhwala a m'maso amenewa amawadziwa bwino; iwo ndi amene ankawayendetsa pobwerera kuchipatala, amunawo atatsamira pampando thaulo lili kumaso.

"Ndiye iwe wakwera takisi, n'kudzagwira sizasi pafupi ndi zala zako, usakuona? Ndipo Julaye yense ndimakutuma kutsuka pakhonde ndi madzi ozizira. Unalekeranji kunena?"

"Munkafuna Mmalawi wosadwala, madamu."

"Anakuuza zopusa zimenezo ndani?"

"Inu nomwe. Tsiku loyamba."

Khosi lawo linafiira mpaka m'makutu. Sanapepese, ndipo inenso sindinayembekezere, poti wonama zaka zisanu ndi ziwiri ndinali ine. Anatembenukira kumpanda n'kunena kuti ndauwononga, sudzabwerera mpaka Khirisimasi. Kenako, akuyang'anabe mpandawo, anati Lachiwiri lililonse limene chipatala chandiitana ndizipita, ndidzabweza Loweruka, ndipo asadzamvenso za mapepala. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi magalasi akuda a malemu amuna awo ndi makiyi a galimoto, n'kukandisiya pageti la nyumba imene akazi anga ankasita tsiku limenelo, misewu itatu kuchokera pamenepo.

Akazi anga anatuluka epuloni ili m'chiuno. Anamvetsera madamu akufotokoza, anathokoza mwaulemu, galimoto n'kuchoka. Anandiyang'ana kuyambira kumagalasi a mzungu mpaka kumasamba amene anandimatirira pabuluku.

"Munthu wamkulu ndi ndevu zake," anatero. "Khalani apo pamthunzi, nditsirize malaya a eni ake. Musadule chilichonse."

Za diso ndinawauza tili m'takisi. Sananene kuti paja ndinanena. Anangondigwira dzanja mpaka titatsika, ndipo sanalisiye mpaka pakhomo. Lachitatu amayi a tchalitchi anabweradi, ine ndikupalira maluwa kuseri. Ndinamva mmodzi akufunsa za mpanda, madamu n'kuyankha mosaseka kuti tikuyesa kadulidwe katsopano.

Tsiku la leyiza akazi anga anasinthanitsa ntchito ndi mnzawo n'kundiperekeza, ndipo ulendo uno sindinatsutse. Anandidonthezera mankhwala otsegula aja, kenako ena ochititsa dzanzi. Dokotala anagunditsa kagalasi padiso penipeni, chinthu chimene ndikanauzidwa kale ndikanathawa, koma sindinamve kanthu kupatula kuzizira. Kenako kunayamba kung'anima kobiriwira, kumodzi pambuyo pa kunzake, makina akulira ngati wotchi. Kwina sikunkapweteka, kwina kunkafika mkati mwa mutu ngati ching'alang'ala. Ndinkaimba nyimbo ya kwaya chamumtima, vesi imodzimodzi, kubwerezabwereza. Dokotala ankangoti mukuchita bwino, musasunthe, tatsala pang'ono. Atachotsa kagalasi kaja diso linali mdima wokhawokha, ndipo ndinaganiza kuti latha. Anati ndidikire pang'ono. Pang'onopang'ono chipinda chinabwerera, choyamba chofiirira, kenako ndi mitundu yake.

Ndinapitanso kawiri kukaonetsa. Ulendo wachitatu, mvula itayamba kale, anandijambulanso, ndipo dokotala anaika chithunzi chakale pambali pa chatsopano. Ndinali ndi mankhwala m'maso ngati kale, choncho akazi anga ndi amene anasuzumira n'kutsimikiza kuti timitsempha tija, tooneka ngati nthambi pachithunzipo, tafota. Ndinamuuza dokotala kuti kukamada, kumphepete kwenikweni kwa diso limenelo kumachita ngati kachimbuuzi. Anati zimachitika, ndipo mwina zikhala choncho, koma pakati pamene ndimaonera, powerengera ndi pogwirira ntchito, pali bwinobwino. Anati tsopano ndizibwera kamodzi pachaka, maso onse awiri, ndipo ndikadzaona timadontho takuda tikuuluka kapena kung'anima ndisadzadikire tsiku la pakhadi.

Pokhala ine, ndinafunsa kuti chaka ndi chaka chimenechi chidzatha liti.

"Sichidzatha," anatero akulemba. "Maso amenewa tikufuna adzakugwirireni ntchito muli ndi zaka makumi asanu ndi awiri."

Ndinaseka. Iye sanaseke, anangokweza mutu kudabwa kuti chaseketsa n'chiyani. Ndinasiya kuseka. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo chibadwire palibe munthu amene anandilankhulapo za ukalamba wanga. Kwathu achibale ankatsitsa mawu ndikamadutsa. Pogawa munda, abale anga anapatsidwa zigawo zawo, ine n'kuuzidwa mwachikondi kuti ndizidya nawo paliponse. Pamene ndinkafunsira, akuchikazi anamufunsa mwana wawo ngati wakonzeka kuvala zakuda ali mtsikana. Palibe amene ankandida. Ankangowerenga masiku anga mwachidule, ndipo inenso ndinaphunzira kuwerenga chimodzimodzi. Pampando uja ndinazindikira kuti kalata ija sinagone m'pulasitiki chifukwa cha chikasu chokha kapena Lachiwiri lokha. Pansi pa mtima ndinkaona kuti maso adzatha ine nditapita kale, ndiye kuwasamalira n'kutaya nthawi. Tsopano apa panali munthu wophunzira, amene waona magazi anga ndi mkati mwa diso langa, akundikonzera zaka makumi atatu zina ngati nkhani wamba.

Tinatuluka, ine nditavala magalasi akuda, dzanja langa lili pamkono pa akazi anga. Tinayenda kudutsa ogulitsa m'mbali mwa msewu mpaka parenki. Titakhala pampando wakumbuyo kudikira kuti takisi idzaze, ndinawafunsa ngati anamva zimene dokotala ananena.

"Ndinamva. Ndiye muyambe kuzolowera, abambo, chifukwa ine ukalamba ndauyamba kale. Ndili ndi imvi."

"Bodza."

"Imodzi, apa pamwamba pa khutu."

Anakweza duku pang'ono n'kupendeketsa mutu. Ndinavula magalasi, ndinayandikira, koma mankhwala anali asanathe mphamvu, ndipo ndinangoona mdima wa tsitsi. Ndinawauza kuti sindikuona kanthu, adzandionetse mawa.

M'mawa mwake, asanamange duku, anandiitanira pakhomo pamene dzuwa limayambira kufika, n'kuwerama. Ndinapatula tsitsi ndi chala. Sinali imodzi, zinali zitatu, ndipo ndinawauza.